Lumbiro la Antandu Ndinalisenza Ine

Dzina langa ndine Kumba Karabenta, Mbozo wa ku Mopti, wa mtundu wa asodzi a mumtsinje, wogulitsa nsomba zowamba. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukwera ndi madengu anga kumisika ya Adogoni, anthu a m'mathanthwe, ndipo mukafunsa aliyense kuyambira ku Bandiagara mpaka kumidzi ya m'munsi mwa thanthwe, akuuzani kuti pakamwa pa Kumba palibe chitseko. Sanama ayi. Koma alipo munthu mmodzi amene anapatseka pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ndinachita kuvomera ndekha.

Munthuyo ndi Antandu Sagara, nkhalamba yolima anyezi ku Dungoro. Iye Mdogoni, ine Mbozo, ndiye kuti ndife mangu, abale achipongwe. Tikakumana tiyenera kunyozana basi, ndipo tikapanda kunyozana anthu amafunsa kuti wadwala ndani. Chinanso, mangu wako sumukaniza kanthu. Akalowa pakhomo pako n'kugwira chinthu, n'kunena kuti "ichi n'changa," chapita chimenecho. Ine kwa Antandu ndinatengako nkhuku zinayi, khasu latsopano, ndi chipewa chimene chinali kumutu kwake. Iye kwa ine anatola nsomba zosawerengeka, ndipo ankasankha zonona zokhazokha, mbava yopanda manyazi. Mudzi wonse unkamugwadira n'kumati agogo. Ine ndekha ndinkamuti iwe.

Zinayamba tsiku la msika wa ku Dungoro, dzuwa la mwezi wa Meyi likuwotcha koti ndi abulu omwe ankakana kuyenda. Ndili pakati pokangana ndi mayi wina amene ankafinya nsomba zanga ngati akusankha mango, ndinaona chithunzithunzi cha munthu chagwera padengu. Kukweza maso, ndi Yakene, mwana wamkazi wa Antandu, uja amakhala ku Bamako, likulu la dziko lathu.

Ntchito ya Yakene anthu ambiri kuno saimvetsa. Amazungulira midzi ya m'mathanthwe ndi kamakina kojambula mawu ndi mulu wa makope, kufunafuna zinenero zing'onozing'ono zimene ana asiya kulankhula. Akapeza nkhalamba amakhala nayo pansi: mbuzi mumati chiyani, mvula mumati chiyani, nenani katatu. Akatero amaipempha kuti liwu lomwelo iliimbe ndi mluzu, chifukwa zinenero za kuno mawu ake amakwera ndi kutsika, ndipo mluzu ndi umene umaonetsa bwino pokwera ndi potsika. Iye n'kumalemba timizere pamwamba pa zilembo. Anali atalemba kale zinenero zisanu ndi chimodzi, ndipo ankati ku Bamako dzina lake limatchulidwa mwaulemu.

"Mwana wa fisi wafika!" ndinakuwa choncho. "Wabwera kudzagula kapena kudzaba ngati bambo ako? Ukagula ndikomoka."

Sanabweze. Mdogoni kunyozedwa ndi Mbozo pakati pa msika n'kungoti duu! Ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ndinasiyira mnzanga dengu n'kumukokera mwanayo pansi pa mlambe.

"Azakhali Kumba," anatero, "ndakhala kunyumba masiku khumi. Galimoto ikubwera mkuja kudzanditenga, mvula isanadule msewu. M'makina mwangamu mulibe liwu ndi limodzi lomwe."

"La Chibanigu?"

"Eya. Ababa akukana."

Banigu unali mudzi wa pamwamba penipeni pa thanthwe, kwawo kwa Antandu, ndipo unali ndi chinenero chakechake chimene ngakhale Adogoni anzawo sankachimva. Madzi atauma kumeneko anthu anatsika n'kumwazikana, ana awo n'kukulira m'Chitomo, chinenero cha anthu a kuno kumunsi. Akuluakulu anatha mmodzimmodzi. Mkazi wa Antandu, Tabema, atamwalira, Chibanigu chonse chinatsala m'mutu umodzi, wa nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu yokhosomola m'mawa uliwonse. Ndiye mutu umenewo unali utalumbira kuti suchilankhulanso.

Chifukwa chake ndinachimva kwa Tabema kalekale, koma Yakene anandiuzanso yekha tsikulo, maso ali pansi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankaphunzira sukulu yogonera konko ku Bandiagara. Tsiku lina bambo ake anayenda wapansi tsiku lonse, thumba la machewere lili pamutu, kukamuona. Atamuona pachipata ali pakati pa anzake, anamupatsa moni m'Chibanigu, mokweza, mwachimwemwe. Ana aja anafa nacho chiseko. Wina anati mbuzi yalowa pasukulu. Yakene, manyazi atamugwira, anayankha m'Chitomo kuti, "Musamandilankhule zolira mbuzizo. Sindizimva." Antandu anatula thumba lija n'kubwerera osamwa ndi madzi omwe. Atafika kwawo anapha nkhuku paguwa la makolo n'kulumbira kuti Chibanigu sichidzatulukanso pakamwa pake. Tabema ankamulankhula m'Chibanigu mpaka tsiku lakufa, iye n'kumayankha m'Chitomo. Chilumbirire panali patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Wapepesa?" ndinamufunsa.

"Ndagwada mpaka maondo kusupuka. Akuti anandikhululukira ndisanamalize n'komwe sukulu, koma lumbiro lilibe makutu, silimva kupepesa. Ndapita kwa akuluakulu a pabwalo, akuti iwo sangamasule chimene munthu anamanga ndi magazi. Akuti amene angathe ndi mangu yekha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Azakhali, ndalemba zinenero za eni ake zisanu ndi chimodzi. Cha kwathu ndinachipha ndine, ndi pakamwa pangapa."

Zinandikhudza, kunena zoona. Koma ine si munthu wolira pamsika.

"Basi? Nkhani yonse ndi imeneyi? Iwe, ine ndinamuvula chipewa bambo ako pamaso pa apongozi ake. Kaike mabatire atsopano m'kamakina kakoko. Mawa dzuwa lisanafike paliwombo alankhula mpaka utopa naye."

Ndinanena ndi mtima wonse, ndipo ndinagona tulo tofa nato kwa mnzanga wa ku Dungoro komweko. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa mwake ndinamupeza Antandu atakhala pamphasa, pamthunzi wa nkhokwe, akuumba timibulu ta anyezi wosinja toti tiume padzuwa.

"Ndimadabwa kuti ntchentche zachulukiranji lero," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Kani kwabwera Mbozo."

"Ukadali moyo, nyani wa m'mathanthwe? Ndinamva kuti imfa inabwera kudzakutenga, itaona nkhopeyo inathawa."

"Inathawa fungo lako, linali lisanachoke chichokere iwe. Ana ali bwanji kumadziko? Akadali ndi zipsepse?"

"Ali bwino. Akuti ndikupatse moni, ndiponso ubweze nyama ya pantchafu imene agogo athu anadzicheka kudyetsa agogo ako pa njala."

"Anadzicheka ndi agogo anga! Inu Abozo mumanama ngakhale poyasamula."

Tinapitiriza choncho mpaka moni wonse unatha, nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi. Yakene anali atakhala poteropo, kamakina kali pamiyendo, nkhope ili ngati ya munthu wodikira chigamulo. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusuzumira pampanda wamiyala, poti Kumba akafika pakhomo pa Antandu sipalephera zoseketsa.

"Lero watsata chiyani?" anafunsa. "Nkhuku zinatha ndi chitopa. Tenga bulu, mufanana."

Ndinayandikira, ndinagwada patsogolo pake, n'kumugwira pakamwa ndi dzanja langa lonunkha nsombalo. Pampanda paja panamveka "Haa!"

"Antandu Sagara, ndagwira lumbiro lako lija unalumbira paguwa. Ili n'langa."

Antandu anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ananso ine, ndipo chiseko chinali chitamuthera.

"Wakutuma ndi uyu?"

"Mbozo satumidwa ndi Mdogoni. Ndalifuna ndekha. Undikaniza?"

"Sindingakukanize, ukudziwa." Anapukuta manja pamalaya. "Koma mwina kumadzi kwanuko sanakuphunzitse bwino. Lumbiro si nkhuku yoti ukadya yatha. Silitayidwanso kudzala. Wolitenga amalisenza. Langali ndi lotseka pakamwa, ndiye ukalitenga litseka pako. Kuyambira lero mpaka tsiku limene mmodzi wa ife adzagone osadzuka, sudzandilankhula ine liwu ndi limodzi lomwe, kaya m'Chibozo, kaya m'Chitomo, kaya m'chinenero cha achule. Ndikakunyoza uzingomeza. Ukulifunabe?"

Mayo ine! Zimenezo sindinaziganize. Ndinatembenukira kwa nkhalamba ina imene inali pampanda, mmodzi wa akuluakulu a pabwalo, ndipo inagwedeza mutu kuti ndi momwemo.

Ndikuuzeni zoona. Msika wa ku Dungoro ulibe phindu, anthu ake ndi ouma manja. Mwamuna wanga anamwalira kalekale, ana anga ali pamakomo pawo. Chimene chinkandikweza thanthwe limenelo ndi maondo anga otupawa chinali nkhalamba imeneyi. Ulendo wonse m'galimoto ndinkakhala ndikukonza chomunyoza, ndipo pobwerera ndinkaseka ndekha pokumbukira zimene wandibwezera, anthu n'kumandiyesa wamisala. Musaganize zina ayi, Mbozo ndi Mdogoni sakwatirana. Ndinkamukonda monga mlongo wanga, ndipo chikondi chathu chonse chinali pakamwa. Ndiye iye akuti ndipatseke!

"Azakhali, zisiyeni," anatero Yakene. "Mlandu ndi wanga, musasenze ndinu."

Antandu anamwetulira chakumbali n'kutolanso anyezi wake. Pamenepo m'pamene ndinamuona bwinobwino. Nkhalamba imeneyi inali itatchera msampha dala, podziwa kuti Kumba angalole kudulidwa mwendo kusiyana ndi lilime. Koma kambulu kena kanamupulumuka m'manja n'kugwera mumchenga. Ankaopa.

"Ukuopa chiyani, iwe?" ndinamufunsa chapansipansi.

Anatola kambulu kaja n'kusansa mchenga. "Zaka zonsezi, Kumba. Nkhokwe yosatsegulidwa zaka zonsezi umapezamo chiyani? Bwanji nditatsegula mwana akuona, n'kupeza muli fumbi lokhalokha?"

"Ndiye ufe nayo yotseka? Chitsiru cha munthu! Tabema ankakuthiramo mawu tsiku ndi tsiku mpaka dzana lomweli." Ndinaimirira. "Yakene, bweretsa madzi. Koma imani kaye nonse, ndimalize zanga."

Ndiye ndinamutsanulira zonse. Ndinanyoza mutu wake, makutu ake, timiyendo take topyapyala, anyezi wake wosakoma, agogo ake amene anathawira m'mapanga poopa kusambira. Ndinatulutsa ndi zimene ndinkasungira chaka chamawa. Anthu pampanda anagwa nacho chiseko, mayi wina mpaka anakhala pansi atagwira nthiti. Antandu naye anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Nditaona kuti m'thumba mwatha ndinati, "Bweretsa lumbirolo."

Anamwako madzi a m'chikho, n'kuchukucha m'kamwa, n'kulavulira pansi chakumene kunali guwa. Otsalawo anandipatsa ine. Ndinamwa onse osatsala dontho. Walira mvula walira matope.

Kenaka tinadikira. Yakene anayatsa kamakina n'kukaika pamphasa. Antandu anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anakhosomola. Anayang'ana kuthanthwe, kumene kunali Banigu. Ine mumtima ndikuti ndikakhala kuti ndasinthanitsa lilime langa ndi fumbi, ndimuswa ndi dengu ameneyu.

Ndiye Antandu anatembenukira kwa mwana wake n'kukweza mawu ngati akuitana munthu amene ali patali, chikhalirecho anali pafupi poti akanatha kumugwira. Anali mawu achilendo m'makutu mwanga, okwera ndi kutsika, ndipo anathera m'mwamba monga funso. Sindinamve tanthauzo, koma nditaona nkhope ya Yakene ndinadziwa. Unali moni uja wa pachipata cha sukulu.

Yakene anaika kope pansi. Kenaka anayankha. Anali mawu atatu okha, koma a Chibanigu. Kani yankho limene anakana kupereka ali mwana anali akulisungabe nthawi yonseyi. Antandu anagwedeza mutu n'kufunsa funso lachiwiri la moni. Limenelo Yakene sanalidziwe, ndiye bambo ake anamuuza yankho lake, iye n'kubwereza, n'kupita ku lachitatu. Moni wa Adogoni ndi wautali kale, koma umenewu unatenga mpaka mthunzi wa nkhokwe unasuntha. Onse awiri misozi ili chuchuchu, koma osaima. Ine ndinayang'ana kumbali n'kumanamizira utsi, ngakhale panalibe amene anakoleza moto.

Nkhokwe ija sinali ya fumbi ayi, inali yodzaza mpaka kudenga. Moni utatha, Yakene anapukuta kumaso n'kukhalanso munthu wa pantchito. Anatsegula kope la mafunso ake.

"Ababa, tiyambe ndi ziwalo za thupi. Mutu mumati chiyani?"

"Mutu wa ndani?" anafunsa Antandu m'Chitomo, akundiyang'ana ine. "Mutu wopanda mwini sukoma kuutchula. Lemba ichi." Ananena mawu ataliatali m'Chibanigu.

"Tanthauzo lake, Ababa?"

"Mutu wa Mbozo uli ngati mphika umene unagwa usanawotchedwe."

"Nenaninso katatu, pang'onopang'ono."

Ananena katatu, akundiyang'ana m'maso muli gwa.

"Tsopano ndi mluzu."

Abale inu, munayamba mwanyozedwapo ndi mluzu? Ine ndinachita kuluma mpango wanga. Yankho linali pamlomo penipeni, lakupsa bwino, lokhudza mutu wake womwe uja, koma madzi aja ndinali nditamwa. Tsiku limenelo anadutsa thupi langa lonse, kuyambira tsitsi mpaka zidendene, chiwalo chilichonse katatu ndi mluzu pamwamba, ndipo Yakene anadzaza masamba makumi awiri. Ku Bamako kumene amasunga mawu amenewa, mukakatsegula poyambira Chibanigu mukapeza ndine.

Galimoto itabwera, Yakene anaibweza ndi kalata yokha. Anakhala dzinja lonse pakhomo pa bambo ake.

Anthu ankati basi, Kumba ku Dungoro sadzapondanso. Sandidziwa bwino. Ulendo wotsatira ndinabwera, ndinamuponyera nsomba yake yonona, n'kukhala pamphasa pomwe paja chete. Ndipo sindinachedwe kupeza njira. Lumbiro linati ndisalankhule kwa Antandu, koma silinatchule Yakene. Iye akandinyoza, ine ndinkanong'oneza mwanayo yankho langa. Tsono mwana sanganyoze bambo ake, ndiye Yakene ankatsegula kope n'kufunsa ndi nkhope ya pantchito.

"Ababa, m'Chibanigu munganene bwanji kuti, ndevu zako zili ngati mchira wa mbuzi yodwala?"

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"N'za m'kope, Ababa. Kapena Chibanigu chilibe mawu ake?"

"Chilibe? Chibanigu chilibe mawu? Tchera khutu!"

Ndiye ankadzinyoza yekha katatu, n'kuimbanso mluzu. Atazindikira anakandisumira kwa akuluakulu a pabwalo kuti ndikuba lumbiro. Iwo anaseka mpaka kutsamwa fodya, n'kumuuza kuti lumbiro lili bwinobwino, Kumba sanamulankhule.

Sizinali zachipongwe zokha zimene zinalowa m'kamakina kaja. Munalowa mayina a minda yonse ya ku Banigu ndi eni ake, nyimbo zimene Tabema ankaimba posinja machewere, mawu otonthozera ng'ombe ikamabala, mayina a mbalame zimene kuno kumunsi sizifika. Tsiku lina tinatha m'mawa wonse pa mitundu ya mphepo yokha. Yakene akalakwitsa pokwera ndi potsika, bambo ake ankamubwezera mluzu mpaka akhoze, ndipo m'chaka chachiwiri anayamba kukangana nawo m'Chibanigu momwemo za mchere wa m'ndiwo. Ine ndinkangokhala pamenepo, pakamwa pali pii, makutu ali tcheru. Munthu ukaleka kulankhula umadabwa kuchuluka kwa zimene zimalowa.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinali kuseka. Panali nthawi zimene Yakene ankabwerera ku Bamako kukapereka makope, ndipo ine ndikafika ndinkamupeza Antandu ali yekha. Ankandinyoza monga mwa masiku onse, koma chipongwe chopanda wobweza chimazirala msanga. Tinkangokhala, iye akuumba anyezi, ine ndikuthamangitsa ntchentche. Tsiku lina anasiya anyezi uja n'kunena m'Chitomo, "Kumba, ndinakulakwira. Ndinkayesa ukana. Pabwalo pano pazizira." Zinandipweteka kwabasi, ndipo ndinali ndi mawu okwana dengu oti ndimuuze. Ndinangotola mutu wa nsomba n'kumugenda nawo pachifuwa. Anautola n'kuudya, ndipo tinamvana.

Anamwalira patatha madzinja awiri, nthawi yokolola, ali mtulo. Uthenga unandipeza ku Mopti ndikuwamba nsomba, ndipo ndinazisiya pamoto pomwepo.

Pamaliro a Mdogoni, mangu ali ndi ntchito yake. Amaima pamaso pa onse n'kumunyoza malemuyo kuti anamfedwa aseke, mitima itsike. Nditafika ku Dungoro ndinapeza anthu adzaza mpaka pamadenga. Onse ankadziwa kuti lumbiro latha, ndipo ankadziwanso kuti Kumba wasunga katundu wa zaka ziwiri. Anandipatsa njira, ena atayamba kale kumwetulira misozi ili m'masaya.

Ndinaima pafupi ndi mtembo, wokulungidwa m'bulangete la thonje. Ndinali nditakonza zonse m'Chitomo kuti khamu lonse limve. Koma nditayang'ana kathupi kaja, kakang'ono ngati ka mwana, ndinati ayi, ameneyu andimve m'chinenero chake. Ndinali ndisanachilankhulepo mokweza ndi tsiku limodzi lomwe, koma mawu onse ndinali nditawamva katatukatatu, ndi mluzu womwe.

"Antandu Sagara!" ndinakuwa m'Chibanigu. "Mutu wako uli ngati mphika umene unagwa usanawotchedwe. Ndevu zako zili ngati mchira wa mbuzi yodwala. Zaka ziwiri ndakusungira zimenezi, nyani iwe. Dzuka ubweze!"

Palibe amene anaseka. Aseka bwanji zimene sanamve? Khamu lonse linkangondiyang'ana. Ine ndinadikira monga ndinazolowera zaka makumi atatu, ndipo bulangete lija silinagwedezeke. Pamenepo m'pamene ndinamva m'mafupa kuti mlongo wanga wapita, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anandithera popanda lumbiro lililonse.

Ndiye kumbali ya azimayi kunamveka munthu akukonza kukhosi. Yakene anaimirira, maso ali psu, mpango uli pendapenda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukweza mawu m'Chibanigu, pokwera ndi potsika pali ndendende monga ankachitira bambo ake.

"Ndimadabwa kuti ntchentche zachulukiranji lero. Kani kwabwera Mbozo."

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ndi misozi, manyazi onse kutha. Kenaka ndinamubwezera, iye n'kundibwezeranso. Ndinatchula makutu a bambo ake, iye anatchula zidendene zanga. Anthu aja sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma chipongwe cha mangu sichisowa womasulira, ndipo chiseko chinayambira kwa nkhalamba za pabwalo n'kufalikira mpaka kwa amene anali pamadenga. Kamakina kanali m'chikwama m'nyumba, palibe amene anakakumbuka. Tinapitiriza choncho mpaka amuna anabwera kudzanyamula maliro.

Ku Dungoro sindikweranso kawirikawiri, maondo akana. Koma Lachisanu lililonse foni yanga imalira, nambala ya ku Bamako, ndipo mwana wa fisi ameneyo sanandipatsepo moni wabwino ndi tsiku limodzi lomwe.